Kuswanitsa kribensis m'thanki yagalasi kuno ku Thyolo

Ndikauza anthu kuti ndimaweta nsomba za mtundu wa cichlid, amangoganiza za mbuna za ku Mangochi. Zanga ndi kribensis, dzina la sayansi Pelvicachromis pulcher, tinsomba tochokera m'mitsinje ya ku Nigeria ndi Cameroon. Yaimuna imakula pafupifupi masentimita 10, yaikazi imacheperapo, ndipo ikafuna kuikira mimba yake imafiira psuu. Mbuna zimafungatira mazira m'kamwa ndipo zimafuna madzi a laimu wambiri ngati a m'nyanja. Kribensis imaikira m'phanga, ndipo madzi athu a mvulawa amaikwanira. Choncho musaziphatikize ndi mbuna, komanso musaike miyala ya laimu m'thanki.

Yaimuna imodzi ndi yaikazi imodzi zimakwana m'thanki ya malita 60 mpaka 80. Pansi yalani mchenga wosalala wa kumtsinje, koma muutsuke mpaka madzi otsukira atayera. Kenako pezani timiphika tadothi tiwiri tatsopano, tosapakidwa penti, tomwe amayi amagulitsa pamsika. Benthulani pang'ono kukamwa kwa kamphika, muvundikire pamchenga, khomo likhale longokwana nsomba imodzi. Timiphikato tikhale motalikirana, makomo asayang'anane. Yaikazi idzasankha yokha, ndipo mudzaiona ikunyamula mchenga ndi kamwa n'kumalavulira kunja kuti ikuze chipinda chake. Ine ndimaponyamonso masamba angapo ouma a gwafa, tiana timakonda kutolatola tizakudya pamenepo.

Musathamangire kuikamo nsomba. Lumikizani fyuluta ya siponji kupampu ya mpweya, thanki igwire ntchito milungu 4 mpaka 6 mukumaponyamo kachakudya pang'ono kuti kaziwola. Nthawi imeneyi tizilombo tabwino timachulukana m'siponjimo, ndipo ndi timene timathetsa poizoni wa ammonia wochokera ku zitosi za nsomba. Siponji ndiyabwino chifukwa siimeza tiana.

Vuto lenileni kwathu kuno ndi kuzizira. Madzi azikhala pa madigiri 25 mpaka 27, koma chiperoni akabwera mu June ndi July, galasi limazizira usiku umodzi wokha. Gulani hita ya mawati 100 yodziletsa yokha pamodzi ndi themomita, ndipo thanki ikhale kutali ndi zenera. Magetsi akazima, kutani thanki yonse ndi bulangete. Thirani madzi otentha m'mabotolo apulasitiki, mutseke bwino, muwayandamitse m'thankimo. Musathire madzi otenthawo mwachindunji. Kapampu kakang'ono ka USB kolumikiza ku power bank kamathandiza kuti mpweya usathe, ndipo tsiku lotero musazidyetse.

Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo atsopano ofunda mofanana. A pampopi agone m'chidebe chosavundikira tsiku lathunthu kuti klorini achoke. A mvula ndi abwino, bola musatunge a mvula yoyamba yotsuka malata. A timitsinje todutsa m'minda ya tiyi ine sindiwakhulupirira, chifukwa feteleza ndi mankhwala opopera amatha kukokolokera momwemo.

Kuti ziikire msanga, zipatseni nyongolotsi zazing'ono zoduladula kuwonjezera pa chakudya chogula. Yaikazi imayamba kupinda thupi n'kumanjenjemera pamaso pa yaimuna, kuionetsa mimba yofiira ija. Tsiku lina mudzangoona kuti yasowa, ili m'kamphika, ndipo yaimuna ikulondera pakhomo. Musavundukule kuti muone! Mazira amamatidwa kudenga la kamphika, amaswa pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo pakatha pafupifupi sabata kuchokera tsiku loikira, make amatulutsa gulu la tiana n'kumatitsogolera pamchenga. Kosochera amakatola ndi kamwa n'kukalavulira pakati pa tinzake, musaganize kuti akukadya.

Tiana tidyetseni kawiri kapena katatu patsiku, pang'onopang'ono. Brine shrimp (tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi amchere) yongoswa kumene ndiye chakudya chabwino koposa, koma ikasowa, sinjani chakudya cha zazikulu chikhale ufa. Chachikasu cha dzira lowiritsa chimagwiranso ntchito, kungoti chimaipitsa madzi msanga, ndiye kakhale kochepa ngati mutu wa machesi. Makolo akayamba kumenyana, chotsani yaimuna. Tiana tichotseni pakatha mwezi umodzi, makolo akayambanso kukonza kamphika. Tikachuluka gawirani anzanu oweta, musakatitaye mu Thuchila kapena mu Ruo, chifukwa si nsomba za m'mitsinje yathu.