Android kapena iPhone: yambirani pa nambala yanu ya kumudzi

Malipiro oyamba akangolowa, kaya ndi ku Joni kaya ku UK, ambirife timathamangira foni yatsopano. Wogulitsa m'shopu amangoona dziko lomwe muli. Koma foni ya munthu amene ali kunja imatumikira maiko awiri, ndipo ikakalamba imakwera basi kukathera m'manja mwa mayi kapena mng'ono wanu ku Mangochi kapena ku Mzimba. Posankha, ganizirani ulendo wonsewo.

Nambala yanu ya Airtel kapena TNM si yotaya. Airtel Money ndi Mpamba zili pamenepo, ndipo banki ya kumudzi imatumiza manambala achinsinsi pa nambala yomweyo. Apa Android ndi yosavuta: mafoni ambiri a Samsung Galaxy A, Redmi, Tecno ndi Infinix amalowa ma SIM awiri, bola mutsegule kathireyi muone nokha musanalipire, chifukwa ena amabwera ndi malo amodzi. iPhone yogulitsidwa ku South Africa kapena ku Ulaya nthawi zambiri imalowa SIM imodzi, inayo n'kukhala eSIM, ija yopanda khadi. Zimatheka ndithu: ya kumudzi muike m'kathireyi, ya kuno ikhale eSIM. Chenjerani ndi iPhone yochokera ku America. Kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022, za kumeneko zilibe polowetsa SIM n'komwe. Mukatumiza yoteroyo kwa bambo kumudzi, khadi yawo idzasowa polowa.

Kenako pali maloko, ndipo ndi amene aliritsa anthu ambiri. Loyamba ndi la netiweki. Ku UK analetsa makampani kugulitsa mafoni okhomedwa kuyambira mu December 2021, koma ku South Africa mafoni otchipa ogulitsidwa limodzi ndi netiweki amatha kukana SIM ya kampani ina. Funsani mwachindunji ngati foniyo ikalandira khadi ya ku Malawi. Loko lachiwiri ndi la akaunti ya mwini wake wakale. iPhone imene sinachotsedwe pa iCloud (akaunti ya Apple) ya munthu wina ndi mwala wongotsekera chitseko. Anyamata ofulasha mafoni pamsika sangakuthandizeni zenizeni. Android nayo ili ndi loko lake la akaunti ya Google, lomwe limafunsa imelo ndi pasiwedi zakale foni ikafufutidwa. Mukamagula ya kaunjika, wogulitsa afufute zonse inu mukuona, muike SIM yanu, muimbe foni, mulowe pa akaunti yanu, ndalama zituluke pambuyo. Dinaninso *#06# muone IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ngati ikufanana ndi ya pa bokosi. Foni yakuba, kapena ya kontrakiti imene mwini wake anasiya kulipira, imatha kutsekedwa pa netiweki patapita masabata inu mutaigula kale.

Tisanamizane, iPhone ili ndi zabwino zake. Apple imapitiriza kutumiza mapulogalamu atsopano kwa zaka zambiri, ndipo mukafuna kuigulitsa mtengo wake sugwa msanga. Ma Android otchipitsitsa amasiyidwa msanga, kenako app ya banki imayamba kukana. Koma kusiyana kumeneku kwachepa ku mafoni apamwamba: Google Pixel 8 ya mu 2023 ndi Samsung Galaxy S24 ya mu 2024 analonjezedwa zaka 7.

Amene muli ku UK, yang'anani NFC, njira imene foni imawerengera kachipi kapena kulipirira pongoigunditsa. Makhadi a BRP, osonyeza chilolezo chokhala ku UK, anatha ntchito pa 31 December 2024, zonse zinapita pa eVisa, chilolezo cha pa intaneti, ndipo app ya UK Immigration: ID Check imagwiritsa ntchito NFC powerenga kachipi ka m'chiphaso. Mabasi a ku London nawo anasiya kulandira ndalama zapamanja mu 2014. Mumangogunditsa khadi kapena foni. iPhone iliyonse ya masiku ano ili ndi NFC, pomwe ma Android ena otchipa alibe. Huawei ndi nkhani ina: zatsopano zake zilibe Google Play kuchokera pomwe America inaika chiletso mu 2019, ndiye ma app ena a ntchito kapena a banki mudzawafuna movutikira.

Mukuru, WorldRemit, WhatsApp ndi Facebook zimayenda pa Android ndi pa iPhone pomwe, musavutike nazo mtima. Chovuta ndi kusamuka. WhatsApp ya pa Android imasunga macheza ku Google Drive, ya pa iPhone ku iCloud, ndipo ziwirizi siziwerengerana. Kuchoka pa Android kupita pa iPhone pamafunika app ya Move to iOS, iPhone yo ikhale yatsopano kapena yofufutidwa, mafoni onse awiri ali pafupi. Musagulitse yakale musanasamutse. Mauthenga a mawu a agogo, zithunzi za ana ndi malisiti a simenti omwe achimwene akhala akukutumizirani zili mmenemo. Dziwaninso kuti iCloud imapereka 5GB yaulere pomwe Google imapereka 15GB, ndipo magulu a WhatsApp a mpingo ndi a maliro sachedwa kudzaza 5GB.

Kwa ine, amene akutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi agule Android ya pakatikati, ya ma SIM awiri, ya NFC, yosakhomedwa, alipire kamodzi. Kontrakiti ya miyezi 24 kapena 36 imaoneka yopepuka tsiku losainira, koma ntchito ikatha kapena pemiti ikavuta, ngongoleyo imakutsatirani. Foni yotereyi ikakafika kumudzi, sikirini ndi batire lake zimapezeka kwa okonza mafoni ku Limbe kapena ku Lilongwe pa mtengo wofikirika kusiyana ndi za iPhone, ndipo chaja chake n'chomwe aneba ali nacho. iPhone inayamba kugwiritsa ntchito chaja cha USB-C pa iPhone 15 mu 2023. Ngati yomwe mukutumiza ndi yakale kuposa pamenepo, ikani chingwe chake m'katunduyo, ndipo muchotse iCloud yanu basi isananyamuke.