Raspberry Pi ikamachedwa kuyaka, yambani mwaona chimene ikudikira

Pamwamba pa kabati kunyumba kwathu pamakhala Raspberry Pi 4, kakompyuta kakang'ono, yolumikizidwa ku TV, ku rauta ndi ku hard drive ya USB. Ikayaka imatsegula yokha mavidiyo a ana, komanso ndi mmene timasungira zithunzi za banja. Kwa miyezi ingapo, magetsi akangobwerera, TV inkakhala bii kwa mphindi imodzi ndi theka, ana atandiyang'ana ngati ndine ndazimitsa. Ndinaweruza msanga kuti kadi ya SD, momwe mumakhala sisitimu ya Pi, yatopa, ndipo ndinagula ina. Palibe chinasintha. Kakompyutako sikankachedwa chifukwa chofooka ayi, kankangodikira chinachake. Mukatsatira zomwe ndalemba apazi mudzachipeza chinachakecho musanawononge ndalama ngati ine.

Poyamba tengani wotchi ya pafoni. Yatsani Pi n'kuwerenga masekondi mpaka itayamba kugwira ntchito. Lembani nambalayo papepala. Kenako tsegulani terminal, pomwe mumalembapo makomandi, mulembe:

systemd-analyze

Ikuuzani nthawi ziwiri, ya kernel, womwe ndi mtima wa sisitimu, ndi ya userspace, mapulogalamu oyamba pambuyo pake. Kwa ine kernel inkatenga masekondi ochepa chabe, pomwe userspace inkapitirira mphindi. Ngati nanunso zili choncho, vuto lili m'mapulogalamu amene amayamba pambuyo pa kernel. Koma mukaona kuti nambala ziwirizo n'zazing'ono pomwe wotchi yanu yawerenga zambiri, ndiye kuti nthawi ikutayika kernel isanayambe, chifukwa pa Pi komandi imeneyi siwerengera gawo la firmware, pulogalamu yoyambirira kudzuka Pi ikangolandira moto. Zimenezo ndizikamba kumapeto.

Ambiri amathamangira ku systemd-analyze blame, yomwe imandandalika masevisi, mapulogalamu oyamba okha Pi ikayaka, kuyambira wochedwetsetsa. Ndi yothandiza, koma imanamiza. Masevisi ambiri amayamba nthawi imodzi, ndiye amene ali pamwamba pa mndandanda akhoza kukhala kuti sakutsekereza aliyense. Ine ndinataya madzulo athunthu ndikuzimitsa zinthu zomwe zinalibe mlandu. Komandi yoyenera kuikhulupirira ndi iyi:

systemd-analyze critical-chain

Imeneyi imasonyeza amene akudikira mnzake, ngati mzere wa kuchigayo. Nambala yokhala ndi @ kutsogolo ndi nthawi yomwe sevisi inayamba kugwira, ndipo yokhala ndi + ndi kutalika kwa nthawi yomwe inatenga. Fufuzani + wamkulu. Mungathenso kuwonjezera dzina la sevisi yomwe mukuifuna kumapeto kwa komandiyo kuti muone mzere wake wokha.

Wanga anali NetworkManager-wait-online.service, sevisi yodikira kuti netiweki ikonzeke, pafupifupi mphindi yathunthu. Nditaganizira bwino ndinaseka ndekha. Magetsi akabwera, Pi ndi rauta zimayakira limodzi, koma rauta yathu ndi yaulesi. Chingwe chimaonetsa kuti chalumikizika, Pi imapempha adiresi, rauta ili duu, isanakonzeke kuyankha. Samba, pulogalamu yogawira mafayilo, imafuna kuti netiweki ikhale yokonzeka, ndipo kapulogalamu kanga ka mavidiyo ndinakaika mu rc.local, fayilo ya makomandi oyendetsedwa poyaka, yomwe pa Debian, maziko a sisitimu ya Pi, imabwera pambuyo pa netiweki. Choncho mavidiyo omwe safuna intaneti m'pang'ono pomwe ankaima pamzere kudikira rauta. N'chifukwa chake ndikayesa masana ndi sudo reboot zonse zinkayenda bwino: rauta inali itayaka kale. Dziwani zimenezi, yesani Pi yanu m'njira yomwe vutolo limachitikira, osati m'njira yosavuta kwa inu.

Mankhwala ake anali mzere umodzi:

sudo systemctl disable NetworkManager-wait-online.service

Izi ndi za Raspberry Pi OS Bookworm, yomwe inatuluka mu 2023 n'kuyamba kugwiritsa ntchito NetworkManager. Pa Bullseye ndi zam'mbuyo mwake, Bookworm isanabwere, lowani mu sudo raspi-config, pitani pa System Options, mupeze Network at Boot, musankhe No. Musachite izi ngati Pi yanu imatenga mafayilo pa kompyuta ina poyaka, chifukwa pamenepo kudikirako n'kofunika. Ndinazimitsanso nmbd, mbali ya Samba yothandiza makompyuta akale a Windows kupeza dzina la makina, popeza nayo imakakamira ikapanda kuona adiresi ndipo kwathu palibe woifuna.

Ngati critical-chain sikukuuzani zomveka, onani ndi maso anu. Lumikizani Pi ku TV, tsegulani /boot/firmware/cmdline.txt, kapena /boot/cmdline.txt pa zakale, muchotse mawu akuti quiet ndi splash. Samalani: fayilo imeneyi iyenera kukhala mzere umodzi wokha, mukangodula mzerewo pawiri zam'munsizo siziwerengedwa. Mukayatsanso, mauthenga onse adutsa pa sikirini, ndipo pomwe aime ndi pomwe pali nkhani. Mukaona mawu oyamba ndi "A start job is running for" ndi nambala zikuwerengera mpaka 1min 30s, amenewo ndi masekondi 90 omwe systemd, pulogalamu yoyambitsa masevisi, imapatsa chinthu isanachitaye mtima. Kawirikawiri chimakhala hard drive kapena flash yomwe munailemba mu /etc/fstab, fayilo yondandalika ma drive olumikizidwa poyaka, kenako wina n'kuizula. Onjezani mawu akuti nofail pa mzere wake, pambali pa defaults, molekanitsa ndi koma. Popanda mawuwo Pi idikira masekondi onsewo kenako n'kugwera mu emergency mode, komwe simungaifikirenso kudzera pa SSH, njira yoilowera muli pa kompyuta ina.

Tsopano za moto. Pi 4 imafuna 5.1V ndi 3A kudzera pa USB-C, Pi 3 imafuna 2.5A, ndipo machaja ambiri a foni omwe ali m'madirowa mwathu sakwanitsa, ngakhale pachikuto alembepo zotani. Chingwe chopyapyala kapena chachitali nacho chimadya moto panjira. Lembani:

vcgencmd get_throttled

Ikayankha 0x0, zili bwino. Ikayankha 0x50000, moto unatsikapo chiyakireni ndipo purosesa inachepetsedwa liwiro. Ikati 0x50005, zikuchitika pomwepo. Pi imayamba kudandaula moto ukatsika kufika cha pa 4.63V, ndipo nthawi yoyaka ndiyo yovuta kwambiri, chifukwa hard drive imakoka moto wambiri poyamba kuzungulira, pomwe madoko onse a USB a Pi 4 amagawana 1.2A basi. Drive yanga ndinaipezera hub yokhala ndi moto wakewake. Amene mumayendetsa Pi pa sola kapena pawabanki, komandi imeneyi iyeseni kangapo, makamaka m'mawa batire itatsika.

Kadi ya SD ndimaiika pano, osati koyambirira, ngakhale nthawi zina imakhaladi yolakwa. Chizindikiro cha Class 10 chisakukopeni, chimanena za kulemba fayilo yaikulu mondondoza, monga vidiyo. Poyaka, Pi imawerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndipo chizindikiro choyenera kuyang'ana ndi A1, chomwe chimalonjeza kuwerenga ka 1500 ndi kulemba ka 500 pa sekondi. Lembani dmesg | grep mmc muone ngati pali madandaulo a error kapena timeout. Makadi achinyengo nawo ndi ambiri pamsika, olembedwa 64GB mkati muli zochepa. Pulogalamu ya f3 imawagwira: f3write imadzaza kadi, f3read n'kuwerenga kuti ione zomwe zabwereradi. Zimatenga nthawi, isiyeni usiku.

Kuzima kwa magetsi mwadzidzidzi kumawonjezanso pake. Pi ikazimitsidwa ili pakati polemba, poyakanso imayamba yakonza fayilo sisitimu, ndipo mu blame mudzaona systemd-fsck itakwera. Mukamazimitsa nokha, lembani sudo shutdown -h now ndipo dikirani kagetsi kobiriwira kasiye kuphethira musanazule.

Zozimitsa Bluetooth, cups ya maprinta ndi ModemManager ya mamodemu zimakambidwa kwambiri. Zimitsani ngati simuzigwiritsa ntchito, koma kwa ine zonse pamodzi sizinabweze nthawi yoti n'kuiona pa wotchi. Chosinthadi zinthu ndi kusiya desktop: ngati Pi yanu ilibe sikirini, ikani mtundu wa Lite, womwe ulibe desktop, kapena sankhani Console mu raspi-config. Chilichonse chomwe mukusintha, sinthani chimodzi, yatsaninso, werengani, lembani papepala paja. Ndipo ssh musaikhudze ngati mulibe kiyibodi pafupi.

Zatsala za firmware zija. Pi 4 ndi Pi 5 zimasunga dongosolo la komwe ziyambire kufufuza poyaka. Lembani rpi-eeprom-config muone mzere wa BOOT_ORDER. Manambala ake amawerengedwa kuchokera kumanja: 1 ndi kadi ya SD, 4 ndi USB, 2 ndi netiweki, ndipo f ndi kubwerezanso. Motero 0xf41 ikutanthauza kadi kaye kenako USB, pomwe 0xf14 ikutanthauza USB kaye. Ngati sisitimu yanu ili pa kadi koma dongosolo likuyamba ndi USB kapena netiweki, Pi imataya masekondi ikufufuza komwe kulibe kanthu, ndipo systemd-analyze sidzakuuzani konse. Sinthani ndi sudo rpi-eeprom-config --edit kapena mu raspi-config pa Advanced Options, Boot Order, kenako yatsaninso muwerenge ndi wotchi ija.