Momwe mungaonere ngati mkuwa wagwirana ndi peptide pa mass spectrometry

Ntchitoyi anthu ambiri amaiphonyera pa benchi, sampulo isanalowe n'komwe m'makina a mass spectrometry, oyeza kulemera kwa mamolekyu aja. Ndiye tiyambire pomwepo.

Choyamba sungunulani peptide yanu (katcheni kakafupi ka ma amino acid) mu ammonium acetate, pH ikhale cha m'ma 7, peptideyo pafupifupi 10 µM basi. Phosphate ndi mchere wa sodium musayerekeze, zimenezo siziuluka mu electrospray (ESI, njira yopopera sampulo kuti ilowe m'makina ngati ma ion) ndiye zimangokudetserani spectrum. Buffer wotchedwa Tris nayenso amalimbirana mkuwa womwewo. Ndipo formic acid kapena TFA (trifluoroacetic acid) amene timakonda kuthira tikamayeza ma peptide masiku onse, pano ayi ndithu, asidi amapatsa proton histidine (amino acid yomwe imagwira mkuwa) ndipo mkuwa umangotayika, inu n'kumati palibe chagwira chonsecho mwachotsa nokha.

Kenako yezani peptide payokha kuti mudziwe peak yake. Mukatero thirani copper acetate pang'onopang'ono, mkuwa ukhale theka la peptide, kenako 1 kwa 1, kenako 2 kwa 1. Gwiritsani ESI ndipo voteji ya pa cone (polowera ma ion m'makina) itsike, kuti zomwe zagwiranazo zisasweke panjira.

Tsopano powerenga ndi pomwe pali nkhani. Mkuwa uli ndi ma isotope awiri, 63 ndi 65, woyambayo pafupifupi 69% winayo 31%, ndiye peak yeniyeni imabwera ndi mnzake wamfupi patsogolo pake ndi 2 Da (dalton, muyezo wa kulemera kwa mamolekyu). Ngati mnzakeyo kulibe, si mkuwa umenewo. Cu(II), mkuwa wa chaji 2+, ikalowa imatenga malo a ma proton awiri, kulemera kumakwera ndi 60.9. Mukaona 61.9 ndiye kuti ndi Cu(I), wa chaji 1+, ndipo apa samalani chifukwa electrospray yeniyeniyo imatha kusandutsa Cu(II) kukhala Cu(I) pomwe mu chubu mwanu munalibe zimenezo. Osaiwala kugawa ndi chaji, pa 2+ kusiyanako kumaoneka theka.

Mkuwa ukachuluka umangomata paliponse dontho la electrospray likamauma, nde peak ya mikuwa itatu isakusangalatseni msanga. Ine ndimakhulupirira kontrolo kuposa peak yokongola: thirani EDTA, mankhwala olanda mkuwa, muone ngati peak ikutha, ikani alanine, amene sagwira mkuwa chotero, m'malo mwa histidine muone ngati ikuchepa. Yesaninso peptide yodziwika kale, ngati GHK (Gly-His-Lys) kapena Asp-Ala-His ya kumayambiriro kwa albumin, puloteni ya m'magazi a munthu.

Kuti mudziwe malo enieni, sankhani ion ya mkuwayo muiswe ndi CID (kuiombanitsa ndi gasi) muone zidutswa zomwe zatsala nawo, ngakhale mkuwa umatha kusamuka poswapo. Za mphamvu ya kugwiranako musadalire kutalika kwa ma peak, pitani ku ITC (yoyeza kutentha kwa kugwiranako) kapena UV-vis (yoyeza kuwala komwe sampulo imameza), komwe Asp-Ala-His yokhala ndi Cu(II) imaonekera cha pa 525 nm.