Momwe mungaphunzitsire galu kukhala m'khola osalira mukachoka pakhomo

Nditangotenga galu wanga ali wamng'ono, aneba anandipirira sabata imodzi yokha. Lachisanu ndikuweruka, mayi a nyumba yoyandikana anandiyimitsa pageti. "Achimwene, galu wanuyu mukangotuluka amayamba kulira mpaka masana. Mwana sakugona kuno." Kulowa m'nyumba ndinapeza patapata itatafunidwa, chitseko chitakandidwa mpaka penti kuchoka, mkodzo uli pakhomo penipeni. Ndinkayesa mwano, koma anali mantha otsala yekha, ndipo galu wamantha ukamumenya umangowonjezera vutolo.

Musanagule chilichonse, dziwani kaye chomwe chikumuvuta. Siyani foni ikujambula, mutuluke kwa mphindi 20. Galu wongosowa chochita amayendayenda, kenako n'kupeza chotafuna. Wamantha amayamba nthawi yomweyo: kuuwa kosalekeza, wefuwefu, dovu chuchuchu, kukanda chitseko chomwe mwatulukira, ndipo chakudya chomwe mwamusiyira sachiyang'ana n'komwe. Khola lingathandize onse awiri, koma wachiwiriyu amafuna kumuyendetsa pang'onopang'ono kwambiri.

Khola lake likhale loti galu angathe kuyima osaweramitsa mutu, kutembenuka, ndi kugona atatambasula miyendo. Likakula kwambiri, mwana wa galu amagona mbali ina n'kusandutsa mbali inayo chimbudzi. Simukuyenera kufunafuna la kusitolo; owotcherera zitsulo kapena kalipentala angakupangireni, bola m'mbali muikidwe waya kuti mphepo izidutsa, ndipo pasatsale msomali kapena waya wotulukira. Musaliyike padzuwa. Kakhola ka malata m'mwezi wa Okutobala ndi uvuni weniweni, galu angafere momwemo. Liyikeni pamthunzi, kapena m'nyumba pomwe anthu amakhala. Pansi yalani chiguduli kapena bulangete lakale, muponyeremo malaya omwe munavala osachapa kuti azimva fungo lanu. Lamba wa m'khosi ndi tcheni muzimuvula akamalowa, chifukwa zikakodwa pawaya zingamupotokole khosi.

Masiku oyamba chitseko chisatsekedwe. Chimangeni ndi chingwe kuti chisamenyetseke n'kumudzidzimutsa. Ponyani kausipa pafupi ndi khomo la khola, kena pakhomo penipeni, kena mkati. Akalowa mutamandeni, akatuluka musiyeni. Osamukankha, osamunyamula n'kumuponyamo. Sankhani mawu amodzi, monga "Lowa!", ndipo aliyense pakhomopo, ana omwe, azigwiritsa ntchito omwewo. Kuyambira pamenepo, nsima yake azidyera mkatimo, mbale muziyikankhira kumapeto tsiku ndi tsiku. Agalu ena amazolowera tsiku limodzi, ena sabata yathunthu.

Akayamba kulowa yekha, tsekani chitseko pomwe akudya, mutsegule asanamalize. Mawa lake dikirani mphindi imodzi atamaliza, kenako ziwiri, kenako 5, inu muli chikhalire pambali pake. Akafika mphindi 10 ali phee, yambani kupita kuchipinda china n'kubwerera.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Galu akangolira pang'ono timathamanga kukatsegula, iye n'kuphunzira kuti kulira ndiye kiyi. Dikirani akhale chete, ngakhale kwa kamphindi kochepa, ndiye mutsegule. Koma siyanitsani kudandaula ndi kubalalika. Ngati akudzimenyetsa, kuluma waya kapena kudzikodzera, mutulutseni basi. Mwafulumira, mawa bwererani pa mphindi zomwe amakwanitsa.

Tsopano nkhani ya kuchoka kwanu. Galu amakuwerengani kuposa momwe mukuganizira. Wanga ankayamba kunjenjemera ndikangovala nsapato zakuntchito, makiyi ndisanawagwire n'komwe. Ndiye zizindikirozi zisokonezeni: valani nsapato n'kukhala pansi kumwa tiyi, lizani makiyi n'kukatsegula wailesi, nyamulani chikwama n'kuchisiya kukhitchini. Chitani zimenezi kangapo patsiku mpaka asiye kudzuka akamva makiyi. Kenako tulukani zenizeni, iye ali m'khola: kukafika pageti n'kubwerera, tsiku lina kukagula mayunitsi paokala, lina kukafika kumsika. Musamangowonjezera nthawi, nthawi zina bwererani msanga kuti asamadziwe. Mphindi 30 zoyambirira ndi zomwe zimavuta, akazidutsa bwinobwino zotsatirazo zimafulumira.

Musanachoke, ayende kaye, athamange, akodze. Galu wotopa amagona. Musiyireninso chotafuna chomwe amachiona nthawi yokhayo. Chidole cha labala chobooka mkati, monga cha Kong, mukachipaka chiponde amatha nacho nthawi yaitali. Chiponde chosinja nokha chopanda mchere ndiye chabwino. Cha m'botolo werengani kaye, chikakhala ndi xylitol (chotsekemera cholowa m'malo mwa shuga) ndi poizoni kwa galu. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka ngati singano n'kumubaya m'mimba. Potuluka musatsanzike ngati mukupita ku Johannesburg, ingotulukani. Pobwera ikani kaye katundu pansi, mumutsegulire akadekha, mupite naye panja. Mukapeza wawononga, kololani mwakachetechete. Kumukalipira madzulo pa zomwe anachita m'mawa sangazilumikize, amangoyamba kuopa kubwera kwanu.

Khola si malo okhala tsiku lonse. Mwana wa galu amatha kupirira mkodzo pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, ndiye wa miyezi iwiri ndi maola awiri. Wosakwana miyezi 6 asapitirire maola 3 kapena 4. Wamkulu nayenso asatsekeredwe kuyambira m'mawa mpaka inu kuweruka. Pemphani wina wa pakhomo amutulutseko masana, ndipo madzi akumwa asasowe. Ambirife tinakula tikuona galu akutsekeredwa usana wonse n'kumasulidwa usiku, ati kuti akhale wolusa. Ine sindigwirizana nazo. Galu wotero amalusira aliyense, ngakhale mwana wa mlendo wanu, ndipo khola amadana nalo. Musamutsekerenso m'khola ngati chilango, mungagumule zonse zomwe mwamanga.

Pali agalu ena omwe khola limawawonjezera mantha. Mukaona waya wapindika, zikhadabo zikutuluka magazi kapena dzino lathyoka, lekani. Musiyeni m'chipinda chopanda zowononga kapena mumpanda, mupitirize kumuzoloweza kuchoka kwanu, ndipo kaonaneni ndi dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira ziweto. Pamantha aakulu dokotala angalembe mankhwala monga fluoxetine kapena clomipramine, omwe amayendera limodzi ndi maphunzirowa. Musamupatse mankhwala a anthu mwa nzeru zanu.

Wanga zinamutengera pafupifupi mwezi ndi theka. Masiku ano ndikamamanga zingwe za nsapato amakhala atalowa kale m'khola, maso ali pabotolo la chiponde.