Kamangidwe ka rampu ya njinga za anthu aulumali pagolosale

Mwafunsa mmene mungamangire rampu, yomwe ndi njira yotsetsereka yokwerera pakhonde popanda masitepe. Mwati golosale yanu ili pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo khonde lake ndi lokwera masentimita 30.

Konzeranitu tepi, chingwe, levulo, njerwa zootcha, simenti, mchenga, kwale ndi tsache lolimba.

1. Chulukitsani msinkhu wa khonde ndi 12. Rampu yanu italike mamita 3.6. Ambiri amalakwitsa pomwepa: pofuna kusunga simenti amaifupikitsa, ndiye imaima kwambiri, njinga n'kumabwerera chambuyo. Malo akachepa, idutsitseni chammbali mwa khoma.

2. M'lifupi mukhale mita 1.2. Pakhomo siyani malo athyathyathya okwana mita 1.5 kuti munthu athe kutembenuka.

3. Dothi la kuno ndi lamchenga, choncho kumbani maziko, mangani njerwa m'mbali, thirani dothi n'kutsindira kwambiri.

4. Thirani konkire. Musasalaze ngati pansi pa m'nyumba. Ikandeni chopingasa ndi tsache isanaume, apo ayi mvula ikagwa pamaterera. Kumunsi pasatsale kamlomo kokola matayala.

5. M'mphepete mukweze masentimita 10.

6. Thirirani madzi masiku 7, kenako pemphani woyenda panjinga adzayese yekha, osakankhidwa.