ModuleNotFoundError koma fayilo ilipo

Python imangoti ModuleNotFoundError (kutanthauza kuti siyikupeza module, fayilo ya code yomwe ndikufuna kupanga import) pomwe fayilo ndikuiona ndi maso angawa, sys.path (mndandanda wa mafoda omwe Python imasakamo ma module) nayonso ili bwinobwino. Nkhani yake ndi iyi, Python ikamasaka module imayamba yawerenga zomwe zili mufoda, ndiye ikakanizidwa chilolezo siyikuuzani za PermissionError ayi, imangoitenga fodayo ngati yopanda kanthu nkupitilira, zimenezi ine zimandiwawa kwambiri chifukwa uthengawo umasocheretsa anthu. Ndinapanga ls -ld pa fodayo kuti ndione mwini wake ndi zilolezo zake, ndinapeza kuti mwini wake ndi root (user wamkulu pa kompyuta), chilolezo chake 700, kutanthauza kuti mwini wake yekha ndi amene angalowemo, pomwe pulogalamu imayenda ndi user wina. Ndinakonza ndi chmod 755 (kuti ma user ena azitha kuwerenga ndi kulowa mufodayo) kenako nkuyiyambitsanso pulogalamuyo poti Python imasunga mndandanda wakale wa zomwe zili mufoda mu cache (pomwe imasungira zinthu mongoyembekezera), mukhozanso kuitana importlib.invalidate_caches() kuti iwerengenso fodayo. Basi import inatheka.