Momwe mungagulire ndi kudzutsa galimoto yakale yothamanga

Galimoto zakale zothamanga, zija za mipando iwiri ndi denga lansalu lopindika, zimakopa munthu ndi maonekedwe komanso kulira kwa injini. Koma kuti ntchito yoidzutsa ithe kapena ifere m'garaja, nkhani yagona pa bodi. Injini yakufa imadzuka: mumaitsitsa, kuiphwasula, kusintha zimene zatha n'kuibwezera. Bodi yodyeka ndi dzimbiri imameza ndalama ndi zaka, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi n'kugulitsa galimoto ili m'makatoni.

Sankhani mtundu umene masipeya ake akupezeka

Musanapite kukaona galimoto iliyonse, khazikikani pa mtundu umodzi kapena iwiri. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimalozera MGB, imene inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980. Anapanga zoposa 500,000, choncho pafupifupi kachitsulo kalikonse kakupangidwabe, ndipo mu 1988 kampani ya British Motor Heritage inayamba kupanga bodi yathunthu yatsopano pogwiritsa ntchito zikombole zomwe fakitale inkagwiritsa ntchito kale. Injini yake ya 1798 cc ilibe zachinsinsi. Triumph Spitfire, ya zaka zomwezo, ndi yokoma kugwirapo ntchito chifukwa boneti imatseguka pamodzi ndi madigadi, moti mumakhala pa tayala lakutsogolo uku mukumanga bawuti. Mazda MX-5 yoyamba, ya 1989, ndi ya amene akufuna kuyendetsa kwambiri kusiyana ndi kukonza. Jaguar E-Type ya 1961 ndi Porsche 911 zisiyeni kaye. N'zokongola zedi, koma cholakwika chilichonse pa izo chimalipidwa modula.

Mukasankha, gulani buku la kakonzedwe ka mtunduwo ndipo lowani kalabu ya eni ake. Anthu amenewa amadziwa malo enieni amene galimotoyo imayambira kuola.

Tsiku lokaona galimoto

Pitani masana, kunja kuli kouma, chifukwa madzi a mvula amanyezimiritsa ngakhale penti wotopa. Tengani tochi, kamaginito, sikuludiraiva ndi chogonera pansi. Ngati mungapite ndi munthu wodziwa kuwotcherera, mwachita bwino kuposa kupita ndi wodziwa injini yekha. Mwiniwake mumupemphe kuti asalize injini inu musanafike.

Yambani ndi pansi. MGB, MX-5 ndi Datsun 240Z zilibe chasisi yapayokha. Mphamvu yonse ili mu bodi, makamaka m'zitsulo zazitali zimene zimadutsa pansi pa zitseko, zimene amakaniko amati ma sill. Pa galimoto yopanda denga lachitsulo, zitsulo zimenezi ndi zimene zimagwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti galimoto isapindike pakati. Dzimbiri limazidya ngati chiswe m'mtengo, kuyambira m'kati, ndipo pamene muona timatuza pa penti dziwani kuti kuseri kwatha kale. Dinikizani ndi chala, gogodani ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Chitsulo chamoyo chimalira, choola chimangoti phu.

Kenako yang'anani mipata ya zitseko. Mpata uyenera kukhala wofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ukapanikizika pamwamba, kapena chitseko chikamafuna kunyamulidwa kuti chitsekeke, galimotoyo yayamba kale kugwa pakati. Kwezani makapeti muone pansi popondapo, tulutsani tayala la sipeya muone m'buti, ndipo musaiwale pokhala batire, chifukwa asidi wodontha amaboola chitsulo. Pa Triumph TR6, imene ili ndi chasisi yapayokha, unikani ndi tochi pamene mikono ya matayala akumbuyo imamangiriridwa.

Maginito aja akuuzani za penti. Akutireni m'kansalu, n'kumawayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala. Pamene akukana kumata, pali phala lochindikala lomatira bodi, lotchedwa filler, limene labisa bowo kapena malo amene anagundidwa. Kumbukirani kuti maginito sagwira pa aluminiyamu ndi fibreglass (pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi), choncho pa Lotus Elan kapena Chevrolet Corvette, zimene bodi yake ndi ya fibreglass, njirayi siyikuthandizani. Ndipo ndinene mosabisa: galimoto ya penti wakale wofwifwa, imene ikuonetsa mabala ake onse, ndimaikhulupirira kuposa yongopentedwa mwezi watha ndi phula lakuda lopakidwa kumene kunsi kwake.

Bodi ikakukhutiritsani, ndiye muone injini. Tsegulani chotsekera oyilo. Phala loyererako pamenepo lingatanthauze kuti madzi akulowa mu oyilo kudzera pa gasiketi ya hedi. Lizani injini ili yozizira ndipo yang'anani utsi: wabuluu ndi oyilo akupsa, wakuda ndi petulo wochuluka, woyera wosatha ngakhale injini yatentha ndi madzi. Ngati mwiniwake alola, yezani kompulesheni, mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Poyendetsa, mverani ngati giya ikuthawa yokha mukachotsa phazi pa moto, ndiponso ngati galimoto ikukokera mbali imodzi mukaponda mabuleki.

Ndalama musapereke musanafananize nambala ya chasisi ya pa galimoto ndi ya pa mapepala. Pa galimoto zambiri za ku Britain, British Motor Museum ya ku Gaydon imapereka satifiketi yochokera m'mabuku akufakitale, yosonyeza tsiku limene galimoto inapangidwa ndi mtundu wa penti umene inatuluka nawo.

Ikafika pakhomo, musathamangire sipana

Ngati galimoto inakhala zaka osayenda, musayese kuiliza. Petulo wakale amauma n'kutseka kabureta, ndipo thanki imakhala ndi dzimbiri. Khuthulani petulo ndi oyilo, chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, n'kuzunguliza injini ndi dzanja. Ngati ikutha kuyenda bwinobwino, thirani oyilo ndi petulo watsopano, ikonzeni mabuleki n'kuiyendetsa miyezi ingapo musanaiphwasule. Mudzadziwa zimene zikufunikadi kusintha, komanso ngati mukuikondadi.

Pophwasula, jambulani chilichonse ndi foni musanamasule. Mabawuti a chinthu chimodzi alowe m'kathumba kawokawo kolembedwa dzina, waya aliyense amatidwe kapepala. Chimene lero chikuoneka chosaiwalika, pakatha chaka simudzachikumbukira. Musataye kanthu ngakhale kotha, mpaka chatsopano chitalowa pamalo pake n'kukwana.

Ntchito iyende motere: chitsulo poyamba, kenako mabuleki, chiwongolero ndi masipuling'i, kenako injini ndi giyabokosi, mawaya, ndipo mipando ndi zonyezimira kumapeto. Chitsulo choola chimadulidwa mpaka mutafika pa chamoyo, n'kuwotchererapo chatsopano. Kumata filler pa dzimbiri n'kungochedwetsa vuto. Musanadule ma sill pa galimoto yopanda denga, wotchererani zitsulo zochirikiza m'mipata ya zitseko, ndipo chitani mbali imodzi kaye kuti inayo ikhale yoyezera. Mukadumpha zimenezi bodi imapotoka, zitseko sizidzakwananso. Penti akauma, popani sera woteteza dzimbiri m'kati mwa zitsulo zonse zamphako.

Pa chitetezo sindinyengerera. Musalowe kunsi kwa galimoto yoimitsidwa ndi jeki yokha. Ikani zochirikiza zachitsulo. Tsitsani thanki ndi kumasula batire musanayatse chowotcherera. Mabuleki ndi kilatchi zakale zingakhale ndi asbestos, ulusi umene umawononga mapapo, choncho fumbi lake musaliuzire ndi mpweya, lipukuteni ndi nsalu yonyowa mutavala chotseka kukamwa ndi mphuno.

Zowonjezera zoyenera kuika

Lamulo langa ndi lakuti chilichonse chimene mwasintha chithe kubwezeredwa mmene chinalili, ndipo zoyambirira zisungidwe m'bokosi. Wodzagula m'tsogolo adzazifuna.

Yambani ndi zosaoneka. Mapointi a mu disitiribyuta, tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi kuti mapulagi athetheke, alowedwe m'malo ndi electronic ignition, imene imagwira ntchito yomweyo, imabisala m'kati momwemo ndipo siifuna kuchunidwa pafupipafupi. Dayinamo, imene imatchaja batire, ichoke, pabwere olutaneta yogwira ntchito yomweyo, koma onetsetsani kaye mmene batire linalumikizidwira: galimoto zambiri zakale za ku Britain zinkalumikiza positive ku bodi, ndipo MGB inasinthira ku negative mu 1967. Mukalakwitsa apa muwotcha chipangizo chatsopanocho. Onjezani mafyuzi, popeza MGB zoyambirira zinali ndi awiri okha, ndipo ikani ma relay, timaswitchi tonyamula magetsi ochuluka, pa magetsi akutsogolo kuti aziwala bwino komanso switchi isamatenthe.

Injini zambiri zakalezi zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pokhala mavavu. Hedi ikatsika, uzani amakaniko aike timphete tolimba pokhala mavavu a ekizozi kuti izimwa petulo wa masiku ano. Mapaipi a labala a petulo asinthidwe onse ndi opirira ethanol amene amasakanizidwa mu petulo, chifukwa akale amang'aluka n'kudonthezera petulo pa injini yotentha. Fuluwidi wa mabuleki wa DOT 4 amayamwa madzi, muzisintha zaka ziwiri zilizonse. Matayala musawaweruze ndi mano okha. Manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT cholembedwa m'mbali mwa tayala amanena nthawi imene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la zaka 10 lichoke ngakhale likuoneka latsopano. Malamba a mipando ikani atsopano, omangiriridwa pa chitsulo cholimba.

Zowonjezera mphamvu ya injini zibwere pambuyo pa zonsezi, ngati n'zofunika n'komwe. Kukoma kwa galimoto zimenezi kuli pa kupepuka ndi mmene zimamverera chiwongolero pokhota. Pa maulendo ataliatali, overdrive, giya yowonjezera ya pamwamba, imathandiza kuposa kabureta wamkulu, chifukwa imatsitsa kuzungulira kwa injini ndi phokoso lomwe.

Kuiliza koyamba

Injini yomangidwa kumene musaiyatse oyilo asanazungulire. Chotsani mapulagi, zungulizani ndi sitata mpaka geji ya oyilo itakwera, ndiye mubwezere mapulagi n'kuiliza, chozimitsira moto chili pambali panu. Ulendo woyamba ukhale waufupi, pa msewu wopanda magalimoto ambiri, ndipo mukabwerako yang'anani pansi ngati pakudontha kanthu. Pa makilomita 800 oyamba muzisinthasintha liwiro osaikakamiza, kenako sinthani oyilo ndi fyuluta, mangitsaninso mabawuti a hedi molingana ndi buku lija, ndipo chunaninso mipata ya mavavu.